Siteshoni ya Kumudzi: Dima Kapena Thangata?

Munthu wochoka ku Blantyre kulowera kumpoto pa msewu waukulu, akasiya mphambano ya ku bwalo la ndege la Chileka ndi kupitirira Lunzu, amayamba kutsetsereka pang'onopang'ono kulinga ku mtsinje wa Shire, nafika pa Lirangwe, ndipo patsogolo pake pa Mdeka. Dziko la kumeneko ndi lotentha, la milambe ndi mitengo ya minga, ndipo anthu ake amadalira chimanga, nandolo, thonje, mbuzi ndi malonda a pamsika. M'dera lomweli mumadutsanso njanji. Koma pamene pamsewu pali phokoso la malole ndi maminibasi usana ndi usiku, ku siteshoni ya sitima masiku ambiri kumangoti zii.

M'maiko ena anthu wamba amadzipereka, osalandira malipiro, kusesa, kubzala maluwa ndi kuyang'anira masiteshoni ang'onoang'ono a kwao, ndipo ntchito yao yapulumutsa njanji zimene zinali pafupi kutsekedwa. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi lakuti: kodi zotere zingatheke pa Lirangwe ndi pa masiteshoni anzake monga Namatunu ndi Gwaza? Yankho lake ndi lakuti zingatheke ndithu, ndipo n'zofunika, koma pokhapokha ntchitoyo ikakhala dima, osati thangata. Mau awiriwa aliyense amawadziwa, koma kusiyana kwake ndiko kumene kudzapatse moyo kapena kupha ntchito yonseyi.

Kale la njira imeneyi

Njanji isanadze, katundu wa dziko lino ankayenda pamitu ya anthu. Sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkalekezera kumunsi kwa mathithi a Shire, pakuti mathithiwo sadutsika, ndipo amtengatenga ankasenza mitolo kukwera nayo ku Blantyre, kenaka kutsika nayo ku Matope, kumene sitima zina zinkadikira kuti ziitengere ku nyanja. Njira ya ku Matope imeneyo inkadzera m'dera lino la Lunzu ndi Lirangwe.

Njanji yoyamba, ya kampani ya Shire Highlands Railway, inachokera ku Port Herald, kumene tsopano kumatchedwa Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Mu 1930 kunakhazikitsidwa kampani ya Nyasaland Railways, ndipo mu 1935 ntchito ziwiri zazikulu zinatha: mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndi njanji yochokera ku Blantyre kukafika ku Salima. Njanji yachiwiriyi ndiyo imene imadzera pa Lirangwe, niwoloka mtsinje pa Shire North, nipitirira ku Utale, Nkaya ndi Balaka.

Njanji zimenezi sizinadze ngati mphatso. Ngongole za mlatho wa Zambezi ndi za njanji ya Trans-Zambezia, imene inatsegulidwa mu 1922 m'dziko la Apwitikizi, zinasenzetsedwa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail, polemba m'chaka cha 1975, anaonetsa kuti ngongolezo zinali zina mwa zinthu zimene zinasaukitsa dziko lino, popeza ndalama zimene zikadatukula anthu zinkathera kubweza ngongole. Chotero Mmalawi akanena kuti njanji ndi yake sakunama: makolo ake anaiyala ndi mapiki ndi mafosholo, naiipiranso ndi msonkho.

Chimene chinazilalitsa masiteshoni

Dziko litalandira ufulu mu 1964, njanji inakhala m'manja mwa Malawi Railways, ndipo inakula. Mu 1970 kunatsegulidwa njanji yochokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ku doko la Nacala. Ndi chithandizo cha dziko la Canada njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, kotero kuti yonse pamodzi inakwana makilomita 797. Masiku amenewo siteshoni inali malo olemekezeka: panali mkulu wa pasiteshoni, ogulitsa matikiti, okonza njanji ndi nyumba zao, ndipo amayi ankapeza ndalama pogulitsa zakudya kwa apaulendo.

Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inasokoneza zonsezi. M'zaka za m'ma 1980 njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinatsekeka, ndipo mlatho wa Dona Ana unaonongedwa mu 1986. Katundu amene ankayenda pa njanji anasamukira pamsewu, ndipo ngakhale mtendere unabwerera mu 1992, ambiri a katunduyo sanabwererenso. Madzi osefukira anaonjezera mavuto: mu 1997 anadula njanji pa Chiromo, ndipo mu 2003 anakokolola mlatho wa Rivirivi kufupi ndi Balaka.

Mu December 1999 Boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways, njanji yeniyeniyo nikhalabe chuma cha dziko. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya Moatize, yodzera m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno kudzalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya, ndipo mu 2022 inagulitsa gawo lake kwa kampani ya Vulcan. Koma sitima zazitali za malasha zikafika pa Nkaya zimalunjika kum'mawa ku Nacala. Pa Lirangwe sizidutsapo. Chigawo cha Nkaya mpaka Limbe ntchito yake yaikulu ndi kunyamula katundu wa mzinda wa Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 2010 sitima ya anthu yochokera ku Limbe inkayenda kamodzi kokha pa mlungu.

Zotsatira zake n'zosachita kufunsa. Sitima zikachepa, antchito a pasiteshoni amachepanso, ndipo nyumba imene mulibe munthu imagwa msanga kuposa yokhalamo anthu. Udzu umamera, mvula imalowa padenga, ngalande zimatsekeka, ndipo amalonda a zitsulo zakale amayamba kuponya maso pa mabawuti ndi zomangira njanji. Madandaulo a kubedwa kwa zitsulo za njanji, kulima m'mphepete mwake ndi kukumba mchenga pafupi ndi milatho akhala akumveka m'nyuzi za dziko lino kwa zaka zambiri.

Zimene anachita a ku Mangalande

Dziko la Britain, kumene sitima ya pamtunda inabadwira, linakumana ndi vuto lofanana ndi limeneli. Magalimoto atachuluka, lipoti la Dr. Richard Beeching la mu 1963 linalangiza kuti masiteshoni 2,363 ndi njanji yokwana mamailosi pafupifupi 5,000 zitsekedwe, ndipo zambiri zinatsekedwadi. Masiteshoni ambiri a kumidzi amene anatsala anachotsedwa antchito, nasanduka mabwinja.

Koma anthu sanangokhala manja lende. Kale mu 1951, ku Wales, gulu la anthu odzipereka linali litatenga kanjanji ka Talyllyn ndi kuyamba kukayendetsa lokha, ndipo aka kanali koyamba pa dziko lonse kuti anthu osalipidwa asunge njanji motero. Chitsanzo chachikulu koposa ndi cha njanji ya pakati pa Settle ndi Carlisle, kumpoto kwa England, imene imadutsa pa mlatho wotchuka wa Ribblehead. Eni njanji atafuna kuitseka ponena kuti mlathowo ndi wokwera mtengo kuukonza, anthu anapanga gulu la abwenzi a njanjiyo mu 1981. Analemba makalata okana, anakopa apaulendo kuti akwere sitima, anasamala masiteshoni. Mu 1986 masiteshoni asanu ndi atatu amene anali otseka anatsegulidwanso, ndipo mu April 1989 boma linalengeza kuti njanjiyo siitsekedwa.

Kuchokera pamenepo ntchitoyi inakhazikika. Boma la Britain linaivomereza ndi ndondomeko yake mu 2004, ndipo bungwe la Community Rail Network limasonkhanitsa mapangano a m'madera oposa 70 ndi timagulu tosamala masiteshoni toposa 1,000. Anthuwa amabzala maluwa, amapaka utoto mipando, amatola zinyalala, amadziwitsa kampani pakaonongeka kanthu, ndipo amaphunzitsa ana a sukulu za kuopsa kwa njanji.

Pali mfundo zitatu zimene wowerenga ayenera kuzigwiritsa pa nkhani ya ku Mangalandeyi. Yoyamba, anthuwo amabwera okha, palibe wowakakamiza. Yachiwiri, amagwira ntchito mwa chilolezo cholembedwa ndi kampani, ataphunzitsidwa za chitetezo, ndipo saloledwa kuponda pa njanji penipeni. Yachitatu, kampani siisiya udindo wake: ndiyo imakonza njanji ndi nyumba, imapereka zipangizo, ndipo koposa zonse imaimitsa sitima pa siteshonipo. Ndiponso sibwino kuiwala kuti ambiri mwa odziperekawo ndi anthu opuma pantchito amene amalandira penshoni. Mlimi wa pa Mdeka tsiku limene wagwira ntchito yaulere ndi tsiku limene sanalime m'munda mwake kapena sanapeze ganyu.

Dima ndi thangata

Amalawi sachita kuphunzitsidwa ndi Azungu za kugwirira ntchito pamodzi. Makolo anali ndi dima: mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anansi nabwera ndi makasu ao, munda nutha tsiku limodzi, ndipo mawa lake ankapita kwa wina. Pa dima aliyense ankadziwa mwini ntchito, kukula kwa ntchito, ndi chimene adzapindule. Palibe amene ankabwera chifukwa choopa chikoti.

Mau akuti thangata naonso poyamba anali abwino, pakuti kuthangata ndiko kuthandiza. Koma pa minda ya Azungu ya m'mapiri a Shire mauwa anapotozedwa, natanthauza ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene anabadwirapo. Thangata ndi china mwa zifukwa zimene M'busa John Chilembwe anaukira atsamunda mu January 1915, ndipo sanathe mpaka lamulo la mu 1962. Anthu a m'maboma a Blantyre, Chiradzulu, Thyolo ndi Zomba mbiri imeneyi amaidziwa kuchokera kwa agogo ao, osati m'mabuku okha.

Ufulu utabwera, ntchito zodzithandiza zinamanga sukulu, misewu ndi milatho yambiri, makamaka pa Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda. Zambiri mwa zomangidwazo zikugwirabe ntchito. Komabe popeza kukana kunali kovuta masiku amenewo, ulamuliro wa zipani zambiri utafika mu 1994 anthu ena anayamba kutcha ntchito iliyonse yaulere thangata. Bungwe la MASAF, lokhazikitsidwa mu 1995, linayesa njira ya pakati: anthu aumbe njerwa ndi kututa mchenga, ndalama za simenti ndi malata zichokere ku bungwe, ndipo komiti yosankhidwa ndi anthu iyang'anire. Kumene njira imeneyi inatsatidwa mokhulupirika, midadada ya sukulu inaima.

Pa nkhani ya siteshoni pali chinthu china chofunika kuchenjera nacho. Sukulu ndi chipatala ndi za anthu onse poyera, koma sitima zimayendetsedwa ndi kampani imene imafuna phindu. Munthu wa kumudzi akaitanidwa kukalambula pa siteshoni adzafunsa kuti: “Kodi ndikugwirira yani?” Funso limenelo si lamwano, ndipo mfumu kapena mlangizi amene alibe yankho lake asaimbe belu la msonkhano.

Ntchito zoyenera manja a anthu

Yankho loona ndi lakuti pali zinthu zimene phindu lake limagwera anthu a pamalopo. Mayi amene wanyamula matumba a nandolo kupita nao ku Limbe amafuna mthunzi podikira, chimbudzi chaukhondo ndi madzi akumwa. Sitima imanyamula katundu wolemera pa mtengo wotsika kusiyana ndi galimoto, ndipo kwa midzi imene ili kutali ndi msewu wa phula, monga ina ya kufupi ndi Shire North, tsiku la sitima limakhala tsiku la msika. Siteshoni yosamalika imakopa okwera, ndipo okwera akachuluka kampani imasowa chifukwa chodumphira siteshoniyo.

Tsono ntchito zimene gulu la anthu odzipereka lingathe ndi izi: kulambula ndi kusesa pabwalo la siteshoni, kubzala mitengo ya mthunzi pa malo amene kampani yaloleza, kusamala chimbudzi ndi mjigo, kukonza malo a amayi ogulitsa zakudya kuti asamayale malonda ao pafupi ndi njanji, kupaka laimu zipupa, ndi kulemba pa bolodi tsiku ndi nthawi ya sitima pamodzi ndi mitengo ya matikiti.

Koma ntchito yoposa zonsezi ndi ya maso. Okonza njanji sangakhale paliponse nthawi zonse, pamene m'busa wa ng'ombe, mwana wa sukulu ndi mayi wopita kudimba amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Mvula yamphamvu ikagwa usiku, monga inachitira namondwe Freddy mu March 2023, iwowa ndiwo amayamba kuona pamene madzi akumba pansi pa njanji. Munthu mmodzi wokhala ndi lamya ya m'manja ndi nambala yoyenera angathe kupulumutsa sitima yodzaza ndi anthu. Chimodzimodzi wakuba zitsulo: kwa apolisi a kutali ndi mlendo, koma kwa nyakwawa ndi achitetezo a m'mudzi ndi munthu wodziwika dzina ndi mtundu.

Pali malire amene sayenera kudumphidwa. Kumanga kapena kumasula mabawuti, kusuntha miyala ya pansi pa njanji, kukhudza zosinthira njira za sitima ndi zizindikiro, kapena kulowa pansi pa mabogi, ndi ntchito za anthu ophunzitsidwa ndi olipidwa. Sitima siima msanga monga galimoto; woyendetsa angaone munthu patsogolo, koma kulemera kwa mabogi kumamkankha mtunda wautali asanaime. Ndiponso ana a sukulu asasandutsidwe antchito. Malo ao ndi m'kalasi, kumene ayenera kuphunzira kuti njanji si bwalo losewerera, ndi kuti kugenda sitima kapena kuika miyala pa njanji ndi mlandu umene ungaphe abale ao omwe.

Mbali ya kampani ndi ya Boma

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu umanenedwa kawirikawiri pofuna kulimbikitsa anthu a kumudzi kuti agwirizane, koma pa denga la siteshoni mitu yake ndi itatu: anthu, kampani ndi Boma. Anthu akanyamula mbali yao, enawo nasiya, dengalo lidzawagwera.

Kampani iyenera kuchita zinthu zinayi. Ipereke chilolezo cholembedwa chonena malo amene anthu angagwirepo ntchito. Ipereke zipangizo monga zikwanje, mawilibala, laimu ndi malaya owala. Isankhe munthu mmodzi wodziwika amene gulu lingamuimbire lamya, ndipo iyankhe msanga likanena za ngozi, pakuti anthu amene anenapo kawiri osaona kanthu sadzanenanso kachitatu. Chachinayi, ntchito ya malipiro ikapezeka, monga kutchetcha udzu m'mbali mwa njanji kapena kufukula ngalande, ayambe kuganiziridwa ndi anthu a midzi yomweyo. Ntchito yodzipereka isakhale njira yochotsera anthu olipidwa.

Boma, monga mwini njanji, ndilo lingathe kukumbutsa kampani kuti sitima ya anthu ndi gawo la pangano, osati chifundo. Palibe gulu limene lingasese siteshoni chaka chathunthu ngati sitima siimapo, kapena ngati tsiku lake silidziwika. Njira zoyendetsera nkhaniyi zilipo kale. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo, ndipo pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre pali makomiti a chitukuko a madera ndi a midzi. Sipafunika kupanga bungwe latsopano la mayina aatali ndi ndalama za misonkhano. Nkhani ya siteshoni ingolowa m'ndondomeko ya komiti ya dera, mafumu navomereza, khonsolo nilemba kalata ku kampani ndi ku unduna woona za mtengatenga.

Udindo wa aphunzitsi ndi a m'boma

Pa malo ngati Lirangwe ndi Mdeka, anthu amene amatha kulemba kalata yomveka, kusunga kaundula ndi kuwerengera ndalama poyera kawirikawiri ndi aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ndi alembi a m'maofesi a boma, pamodzi ndi anzao amene anapuma pantchito. Amenewa ndiwo angathandize kuti chidwi cha anthu chisathere pa msonkhano woyamba.

Mphunzitsi angathe kutenga ana ake kukaona siteshoni atapempha chilolezo, nawafotokozera mbiri ya 1908 ndi 1935 pamalo penipeni, ndiponso kuitana wogwira ntchito ya njanji kudzalankhula za chitetezo. Mlangizi wa zaulimi angathe kuwerengera alimi kusiyana kwa mtengo wonyamulira thumba pa sitima ndi pa galimoto. Wa zaumoyo angathe kulangiza za malo okumba chimbudzi ndi za ukhondo wa zakudya zogulitsa. Ndipo gulu lonse lingathe kuchita chinthu chimodzi chimene chili ndi mphamvu kuposa madandaulo: kulemba m'buku, tsiku lililonse la sitima, chiwerengero cha okwera, otsika ndi katundu wao. Buku lotere likafika pa tebulo la khonsolo kapena la kampani limalankhula lokha.

Koma iwo omwewa ayenera kudziletsa pa chinthu chimodzi. Munthu wa udindo akalankhula, a kumudzi amamva ngati lamulo ngakhale iye akungopempha. Pasakhale chindapusa kwa amene sanabwere, pasakhale kumana munthu chithandizo cha boma chifukwa sanagwire nao, ndipo ntchito isaikidwe m'miyezi ya dzinja pamene aliyense ali kumunda. Anthu khumi obwera mwa kufuna kwao mwezi ndi mwezi aposa anthu zana obwera kamodzi chifukwa cha mantha.

Njanji ya pa Lirangwe yapirira nkhondo ya kwa anansi, madzi osefukira ndi kusinthasintha kwa oiyendetsa kuyambira 1935. Masiteshoni ake angathe kukhalanso malo aulemu ngati anthu a pamalopo aloledwa kuwasamala monga ao, ndipo kampani ndi Boma zichita mbali yao poyera. Pa dima mwini munda sankangoimirira ndi kuloza. Ankalima nao, ndipo dzuwa likapendeka ankatulutsa mtsuko. Pa siteshoni mtsukowo ndiwo sitima yofika pa tsiku lake, niima, anthu nakwera ndi katundu wao.